Ufa wa a Clarrie Tonkin

A Clarrie Tonkin ali moyo, kuno ku Wallaroo kunalibe munthu wogula kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto kaja, n'kungonyamuka nayo. Lamulo lawo linali limodzi: usiku woyamba kalavani igone pakhomo, mwini wake ali m'katimo, ndipo chilichonse chimene angathamangire kukatenga m'nyumba, chimenecho ndicho akanachilira ali kutchire. Palibe anawatuma ntchito imeneyi. Anali nkhalamba yopuma pantchito ya ku nkhokwe za tirigu za kudoko, miyendo ngati ya kakowa, chipewa chodyeka ndi thukuta, koma kalavani yatsopano ankainunkhiza isanakhote n'komwe mumsewu wathu.

Ndiye poti anthu ndi abodza, madzulo ankabwera ndi kathumba ka ufa n'kuwaza pakhonde, kutsogolo kwa chitseko. Kukacha, ndi awo awerama ngati mlenje wolondola gwape.

"Mwadzuka bwanji a Pengilly? Mapazi awa ndi a ndani?"

"Ndi a galu."

"Galu wanu amavala masilipasi? Nenani, munakatenga chiyani?"

"Chotsegulira zitini."

"Chotsegulira zitini! Ndiye kuchipululu nyemba mukanatsegula ndi mano oikirirawo?"

Sankafunsa kuti akunyozeni ayi. Ankangofunitsitsa kudziwa, maso ali gwa ngati mwana woona njoka koyamba. Kwa a Kowald anakakamira kulawa tiyi wa m'mawa, nagwedeza m'kamwa, nayang'ana kumwamba.

"Thanki mwadzaza ndi paipi yothirira maluwa. Yobiriwira."

"Mwadziwa bwanji mtundu wake?"

"Yobiriwira imamveka ngati nsapato, yakuda ngati teyala. Kaguleni yoyera ya madzi akumwa, musanaphe mayi awa."

Kwa a Trevor ndi mayi Glenys ufa anaupeza uli bwinobwino, koma mayi Glenys anatuluka maso ali psuu. Kalavani inali itapendekeka, ndipo usiku wonse ankangogubudukira pa amuna awo. A Clarrie anaika lalanje pansi. Linagubuduka, kutuluka pakhomo, mpaka mumsewu.

"Mukufunika timatabwa toika pansi pa teyala."

"Isiyeni choncho, a Clarrie," anatero a Trevor. "Chikwatiranireni mayi awa sanandiyandikirepo chonchi."

Chodabwitsa n'chakuti katswiriyu anali nayo kalavani yakeyake, kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mandimu. Mateyala anali atamira m'nthaka, udzu utafika m'mawindo. Anthu akawaseka kuti, "Yanuyo inyamuka liti?" ankangoyankha kuti, "Ndikadaiyesabe."

Tsono mwana wanga Raelene naye anagula kake kakang'ono, kooneka ngati dzira. Mwamuna wake Des anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo galimoto pa maulendo aatali ankayendetsa ndi malemuyo. Mdzukulu wanga Lachlan, mwana wa Raelene, amakhala ku Esperance, kutsidya kwa chipululu cha Nullarbor, ndipo mkazi wake anali wodwala pakati, mwana woyamba. M'kanyumba kawo munalibe pogona mlendo. Raelene ananenetsa kuti mwanayo akamabadwa amupeze iye ali pompo. Alamu ake ankati sangapitirire Port Augusta. Alamu amenewo, anthu oti ngakhale wilibala sangaibweze cham'mbuyo! Mwana wanga uja anaphunzira yekha kubweza kalavani pabwalo la mpira mpaka kumaiika pakati pa migoli.

A Clarrie, amene anamudziwa Raelene ali wa matewera, anabwera ndi ufa wawo. M'mawa anapeza mapazi olowa ndi mapazi otuluka.

"Iwe Raelene, unakatenga chiyani?"

"Palibe."

"Palibe amatenga palibe. Ndione."

Analowa m'kalavani n'kuyamba kusanthula. Paipi yoyera inalipo. Gasi analipo, chingwe cha magetsi, magalasi aatali oonera kumbuyo, mankhwala a m'chimbudzi, timatabwa tija, ngakhale zotsegulira zitini ziwiri. Anatuluka akukanda pansi pa chipewa, atasokonezeka ngati nkhuku yosowa dzira lake.

"Izi sindinazionepo. Ugonenso lero."

Tsiku lachiwiri mapazi olowa analipo, otuluka panalibe. Raelene anatsegula chitseko cha nyumba ali ndi chovala chogonera, kapu ya tiyi m'manja. Ankadziwa chimene chinamulowetsa, kungoti chinalibe dzina loti n'kukachipeza m'sitolo. M'nyumbamo mpando wa Des unali utabooka potengera thupi lake. Pachitseko cha bafa panali pakuda pomwe ankagwira ndi dzanja la girizi. M'kalavanimo zonse zinkanunkhira pulasitiki watsopano.

"Des sanalowemo m'menemuja," anatero. "Mulibe chimene anachigwirapo. Ndikangotseka maso ndimamva ngati ndamuthawa." Anameza tiyi. "Lachlan waimba dzulo, akuti mwana akhoza kufulumira. Koma ndiyesenso usiku wina, a Clarrie. Mwina ndinyamuka sabata ya mawa."

A Clarrie anakhala pansi pa kakhwerero ka kalavani.

"Yathu ija tinagula ndi mkazi wanga Beryl m'chilimwe," anatero. "Pofika nyengo yozizira anali atamwalira. Ndinati ndipitabe ndekha. Usiku woyamba ndinalowa m'nyumba. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndiye ndinati ndiyesenso wachitatu." Analoza ndi chibwano kumene kunali mtengo wa mandimu. "Usiku wachitatuwo ndi uwo uli apowo. Sunachebe."

Anadzuka mawondo akulira.

"Katenge makiyi a galimoto."

"Panopa? Sindinasambe!"

"Ukasamba ku Port Augusta, alamu ako amve kuti wafikako."

"Nanga lamulo lanu?"

"Lamulo ndi langa, ndikalifuna ndilipeza. Bweza galimoto. Pang'ono, pang'ono, ima! Ukufuna undiphwanye ngati nkhanu?"

Anakoleka kalavani okha, kumanga maunyolo, kumuuza aponde buleki kuti aone ngati magetsi ofiira akuyaka. Ine ndinafika ndi chitini cha masikono n'kupeza mwana wanga ali kale pachiwongolero, tsitsi lili nyankhalala. Galimoto itayamba kuyenda, nkhalamba ija inathamangira pawindo, chidwi chake chija chitabwerera.

"Koma ukandiuze! Ndikufuna kudziwa ngati chinthu chimenecho chimatsala m'nyumba kapena chimakutsatira!"

Raelene anapita. Paliponse pomwe waima ankandiimbira, ndipo a Clarrie ankakhala ali kale pakhomo panga kudikira kundilanda foni.

"Wasowa chiyani lero?"

"Ukonde wa kumaso. Ntchentche zikundilowa m'kamwa."

"Ukonde! Ayi, chimenecho pakhomo sungachidziwe. Zikukoma bwanji?"

Funso lalikulu lija sanalibwerezenso pafoni. Ankati limenelo n'lofunsa munthu ukumuona m'maso.

Anafika ku Esperance nthawi ikadalipo, ndipo kamtsikana kathu Imogen katabadwa, agogo ake anali panja pa chipinda, akununkhabe fumbi la m'njira. Wina aliyense anene zimene anganene, mwana wanga anaoloka Nullarbor yekha. Anakhala kumeneko miyezi ingapo akuchapa matewera, ndipo ndi m'kati mwa miyezi imeneyo m'mene a Clarrie anagona pampando wawo masana ena, chipewa chili kumaso, osadzukanso.

Raelene atabwerera sanayambire kunyumba kwake, anangoima pakhomo panga kunditenga. Anaimika kalavani pachipata cha manda, yonse ili yofiira ndi dothi, n'kulowa. Ine ndinatsala m'galimoto, koma mawindo anali otsegula ndipo makutu anga ndi abwino.

"Chimakutsatira, a Clarrie," anatero. "Chimakhala pampando wa pambali n'kumadandaula kuti ukuthamanga."

Masiku ano makalavani atsopano amachoka kwa wogulitsa n'kulunjika kumsewu waukulu, palibe wowaimitsa. Eni ake amakafika kutchire opanda machesi, opanda mtsamiro, wina anakafika opanda kiyi wa kalavaniyo n'kugona m'galimoto. Amabwerako atapsa ndi dzuwa, akuseka okha, nkhani ya chimene anaiwala ili pakamwa. Amatsika, kuima mumsewu wathu, kuyang'ana uku ndi uku. Kenako amangoyamba kutsitsa katundu.