Chilundu cha Apongozi

Lolemba

Ntchito yatha. Diresi la dona lili ndi bowo ngati chikhatho changa, ndipo simbi ndinaisiyapo ndine. Ndinangotuluka pang'ono kukapirikitsa nkhuku pa zochapa. Dona za nkhuku sakufuna kumva. Wangoti "pita", liwu lokhalo la Chinyanja limene amalitchula bwino.

Mkazi wanga Telezia ali ndi pakati, mwezi wake wayandikira. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, ulemu wanga wonse uli m'malaya oyera a kwa mzungu. Ntchito ikasowa njira ndi imodzi, ya ku Halale wapansi, mwana n'kubadwa ine kulibe. Zimenezo ndiye sindifuna.

Nzeru yanga:
kudzuka m'mamawa monga kale
kuvala malaya oyera
kupeza ntchito ina lisanafike Lamulungu
osauza munthu, makamaka apongozi.

Lachiwiri

Ku Boma, Fort Jameson. Mmwenye wa sitolo akuti wochapa ali naye kale. Kalaliki wa pa ofesi akuti "mubwere mawa" asanamve n'komwe chimene ndadzera.

Pobwerera, panjira ya ku Chiparamba, si awo apongozi, dengu la mazira lili pamutu! Mwambo ndi mwambo, mkamwini saonana maso ndi apongozi. Ndalumphira m'tchire. Malaya onse chisoso chokhachokha.

Munthu wapantchito sayenda m'njira dzuwa lili paliwombo. Koma kapena sanandione.

Lachitatu

Minda ya fodya ya azungu. Mbiri yandipitirira. Kapitao woyamba: "Ndinu aja a diresi?" Kwa wachiwiri bowo lakula, akuti ndinaotcha diresi dona ali momwemo.

Apongozi panjira kachiwiri. Kodi mazira amenewa satha? Lero tchire lake ndi la chitedze.

Telezia akundipaka phulusa kumsana, manja ake ofewa. "Kwa dona kwamera chitedze masiku ano?" Ndati inde, kuseri kwa khitchini. Wangoti "pepani bambo", n'kumapakabe.

Lachinayi

Kopita kwatha. Ndakhala tsiku lonse pansi pa mkuyu wa kumtsinje, nditavala malaya oyera ngati munthu. Mbatata imene Telezia wandimangira ndi yambiri kuposa masiku onse. Sindikufuna kuganiza chifukwa chake.

Anyamata a mudzi wa kutsidya akuti anyamuka Lolemba kupita ku Halale. "Malo alipo, achimwene."

Madzulo Telezia watenga dzanja langa n'kuliika pamimba pake. Mwana akumenya mateche. Ndikuopa. Ndalemba pano chifukwa pakamwa sizikutuluka.

Lachisanu

Pamkuyu pomwe paja. Ndikusinza, ndingomva mapazi. Apongozi. Kothawira kulibe, kumbuyo ndi madzi. Ndazungulira kuseri kwa thunthu.

Atula dengu, akhala pansi, ayamba kucheza ndi mtengo.

"Iwe mkuyu, ndamva kuti ku mishoni wochapa mikanjo ya Abambo wakalamba, maso sakuonanso. Ukaona munthu wodziwa simbi, umuuze apiteko mawa. Umuuzenso aleke kugwera m'tchire, malaya angathe. Ine ndizidzera njira ya kudambo."

Mkuyu waomba m'manja. Mkuyu walirako pang'ono.

Loweruka

M'mawa Telezia wandipatsa kamtolo. "Amayi akuti Abambo sangapereke mkanjo kwa munthu wa mbiri yanu. Akuti mukayesere apa, Abambowo akuona."

Ndi chilundu cha apongozi cha kutchalitchi. Ali nacho chimodzi chokhachi.

Ndafunsa Telezia kuti anadziwa liti. "Lachiwiri lomwe. Munabwera osanunkha makala."

Ku mishoni andipatsa simbi yolemera, makala a mtondo, otentha kwambiri. Abambo aima pambali, ndevu mpaka pachifuwa. Ndasita pang'onopang'ono ngati ndikusisita khanda. Nkhuku yadutsa pakhomo, sindinaiyang'ane.

"Uyambe Lolemba," atero Abambo. Kuchapa, kusita, kuwaza nkhuni, kutunga madzi, kudyetsa nkhumba. Malipiro ake sindilemba, ndingachite manyazi ndi pepala.

Popinda ndaona pangodya pawauka, kadontho ngati mbewu ya nzama. Abambo sanaone. Ndauza Telezia, iye wakauza amayi ake. Yankho silinabwere.

Lamulungu

Nzeru yanga ija yatsala kudzuka m'mamawa kokha. Chinsinsi chinali cha ine ndekha, mudzi wonse umadziwa, ndi agalu omwe. Dzina la "a Diresi" landikakamira, ndipo ndikuona kuti ndifa nalo. Chabwino. Ku Halale apite okha.

M'tchalitchi ndakhala mbali ya amuna, maso pansi monga kuyenera. Ndaba kuyang'ana kamodzi kokha. Apongozi ali kutsogolo, chilundu chili see, akuimba mokweza kuposa onse.

Ngodya yowauka ija aipindira m'chiuno.