A Kankhani ndi Adona Awo

Mumsewu mwathu mulibe munthu wamkulu amene sanakankhepo njinga yamoto ya a Kankhani. Ndikunenetsa, mulibe. Atelala anakankha, amayi a pagolosale anakankha, aphunzitsi anakankha atavala jekete, ngakhale mlendo wina amene anangoima kuti afunse njira anapezeka wagwira kaliyala, thukuta lili kamukamu, kumene amapita ataiwalako. Dzina lenileni la mdalayo tinalitaya kalekale. Tinkangowatchula ndi mawu omwe ankatidzutsa nawo m'mawa uliwonse: "Kankhani, abale anga, kankhani!"

Njingayo ankaitcha Adona, ndipo ukanena kuti "njinga" pamaso pawo ankakuyang'ana ngati wawatukwanira mayi awo. Adona anali akuda, kapena tinene kuti anaderapo kale. Mpando unali womanga ndi mphira, galasi linatsala limodzi, nyali inkayang'ana m'mwamba pang'ono ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti a Kankhani anali mmisiri. Ankakonza mawotchi pa katebulo kawo kumsika, ndipo zala zawo zinkatola tizitsulo tomwe ife sitikanatha n'kutiona komwe. Wotchi yoti yagwa m'madzi, yapondedwa ndi ng'ombe, iwo ankaidzutsa. Ndiye tinkawafunsa kuti, "Madala, mawotchi onsewa mumawatha, nanga njinga imodzi yokha ikukukanikani bwanji?"

"Wotchi ndi makina," ankatero akupukuta magalasi. "Adona ndi munthu."

M'mawa ankawatulutsa m'kachipinda ka kuseri, n'kuwapukuta mame omwe panalibe, n'kuwapatsa moni bwinobwino: "Mwadzuka bwanji, Adona?" Kenako ankaponda chitsulo cholizira injini. Adona ankatsokomola, n'kukhala chete. Ankapondanso. Zii. Apo mpamene mfuu ija inkamveka, zitseko n'kuyamba kutseguka.

Ndipo Adona analidi ndi khalidwe lawo. Mvula sankaifuna: kukangochita mdima kumwamba, ukangowagusa pang'ono basi, alira. Akamakankha amayi a pagolosale, omwe ankavutika ndi bondo, Adona ankawamvera chisoni, sankadutsa ngakhale mpanda wa aphunzitsi. Koma tsiku loti atelala abwera ndi nkhani yotentha, ha! Mumakankha mpaka ku mlatho.

"Ndiye mkaziyo atawapezerera anati chiyani?" a Kankhani ankafunsa ali phee pampando.

"Madala, lizani chinthuchi, mpweya wandithera!"

"Malizani kaye, achimwene. Adona akufuna amve mathero ake."

Nkhani ikatha, mdala ankawerama, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa thanki ngati akusisita pamimba pa mwana. "Basi, Adona, anthu atopa." Pompo thu! thu! thu-thu-thu! Utsi wabuluu unkatsala ukuyandama mumsewu, ife titagwira m'chiuno, tikuwatukwana uku tikuseka.

Masiku opanda miseche ankasimba okha, maso atatsinzina, ife tikuwongolera ndi kukankha komwe. Ankasimba za tsiku lina pamene iwo ndi malemu akazi awo anakwera phiri kuli nkhungu, n'kungopezeka atulukira pamwamba pa mitambo. "Mbalame zinkatiyang'ana kuchokera pansi, achimwene. Mayi aja ali kumbuyo kwanga, mpango ukuuluka, akuti tisatsike. Petulo anatha, koma Adona anayenda ndi fungo lokha mpaka kunyumba." Tinkadziwa kuti ndi bodza. Komabe m'mawa wozizira, dzuwa likungotuluka, matayala akulira pang'onopang'ono pamchenga, unkayamba kuiona mitambo ija pansi pa mapazi ako, mpaka kuiwala kuti wasiya madzi pamoto.

Akuluakulu ankakumbukira kuti kale Adona ankalira ndi kuponda kumodzi. Anayamba kukana chaka chimene mayi a m'nyumba anamwalira, chomwenso mwana wawo yekhayo, namwino, anapita kukagwira ntchito kutali. Tinkati njinga ikulira maliro.

Namwinoyo atabwera kudzacheza, anadzuka m'mawa n'kuona bambo ake, imvi zili mbuu, akukankhidwa ndi atelala omwenso imvi zili mbuu. Mtima unamuwawa. Anaima pakhomo manja ali pakamwa, akudzifunsa kuti kodi anthu amati mdalayu alibe mwana? Ulendo wotsatira anabwera ndi njinga yatsopano, yofiira, yonyezimira moti amayi a pagolosale anadziyang'anirapo n'kukonza duku.

"Ababa, iyi mumangodina apa basi."

Anadina. Njinga inalira mwaulemu, chapansipansi, ngati mphaka wakhuta.

"Yadzuka kale?" anafunsa mdala. "Osapatsidwa n'komwe moni?"

"Ababa, tamverani. M'kachipinda muja mumakwana imodzi, ndipo ina ikagona panja aiba. Mkamwini wanu abwera ndi galimoto kumapeto kwa mwezi kudzatenga imodzi. Musankhe. Koma ine sindikufunanso kumva kuti bambo anga akukankhidwa ngati ngolo."

"Sizingatheke zonse ziwiri, mwananga? Ina izigona pabalaza."

"Mapanga awiri avumbwitsa, madala," atelala analowerera, akusisita msana wawo mwachimwemwe. "Tengani yofiirayi, tipumeko."

Mdala anaiyesadi, tisawanamizire. Ankatuluka m'mawa, kudina, n'kudutsa mumsewu wonse ngati mphepo. Zitseko zinali zotseka. Wina akawaona pawindo ankangokweza dzanja, iwo n'kukweza lawo, basi zathera pomwepo. Ankafika kumsika anthu asanayale n'komwe, n'kukhala pakatebulo, mawotchi onse akuwauza kuti kudakali m'mawa. Mwana wa aphunzitsi anabadwa, iwo anamva patapita masiku. Namwino, amene anatenga tchuthi kuti awaphunzitse njingayo, anaona kuti chakudya chikubwerera m'mbale. Madzulo ankawapeza m'kachipinda muja atakhala pa Adona, maso ali chitsinzinire, manja pa zogwirira, akupendekeka pang'ono ngati akukhota pamsewu womwe iye sankauona.

Tsiku lina tinadzidzimuka ndi mfuu yakale ija. "Kankhani, abale anga!" Tinatuluka mothamanga, ena nsapato ili imodzi. Tinawapeza ali pa yofiira ija, nkhope yachisoni.

"Nayonso yayamba," anatero. "Zamasiku anozi n'zosalimba."

Atelala anaizungulira, n'kutambasula chala, n'kudina batani. Njinga inalira nthawi yomweyo, mopanda manyazi.

"Yachira, madala."

A Kankhani anaiyang'ana njingayo mmene umayang'anira mwana amene waulula zam'nyumba pamaso pa alendo. Ananyamuka osatsanzika.

Galimoto itabwera, mdala anatulutsa yofiira ija, anaipukuta bwinobwino, n'kupereka makiyi kwa mkamwini wawo.

"Ababa!" Namwino misozi inalengeza. "Yalakwa chiyani? Ili ndi vuto lanji?"

"Ilibe vuto lililonse, mayi. N'yabwino kwambiri. Koma siindifuna ine, ndipo siifuna munthu aliyense."

"Ndiye muzivutitsabe anthu?"

"Anthuwo abwera kudzakudandaulira?"

Namwino anachoka atakwiya, osayang'ana m'mbuyo. M'mawa mwake tinakankha mpaka ku mlatho, n'kupitirira, chifukwa nkhani zinali zitaunjikana. Atelala ankadandaula njira yonse, koma ine ndinawaona: anali atavala nsapato zawo zokankhira asanaitanidwe n'komwe.

Tinakankha choncho zaka zina ndithu. Kenako m'nyengo yozizira, m'mawa wina, mfuu sinamveke. Tinadikira, tiyi anazizira m'makapu. Amayi a pagolosale ndi amene anakagogoda, ndipo titamva kulira kwawo tonse tinadziwa.

Maliro atatha, namwino anaitana makanika kuti aone ngati Adona angagulitsidwe, kapena angopita kwa ogula zitsulo. Tinasonkhana pabwalo ngati pali mlandu. Makanika anaponda. Adona anatsokomola, n'kukhala chete. Anapondanso, zii. Anagwada, anasuzumira, anatsatira waya wina ndi chala mpaka kunsi kwa thanki, pamalo pomwe mdala ankasisita paja. Kenako anadzutsa mutu n'kutiyang'ana.

"Kodi kaswitchi aka anaika ndani? Ntchito yaukhondo chonchi sindinaionepo."

Anakatsegula, kanalira kuti tha! Anaponda kamodzi kokha. Thu-thu-thu-thu! Adona analira mwamphamvu ngati agulidwa dzulo.

"Injini iyi ilibe vuto," anatero makanika akuzimitsa. "Mwini wake ankaisamala kuposa mwana. Kungoti kaswitchika kakatsekedwa, ngakhale muponde mpaka mawa siingalire."

Tonse tinkawerengera chamumtima: masiku a mvula, bondo la amayi a pagolosale, maulendo a ku mlatho.

"Mdala wachinyengo!" atelala anaphulika. "Msana wangawu! Zaka zonsezi!" Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka china, mpaka anavula chipewa n'kubisamo nkhope.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero amayi a pagolosale chapansipansi. "M'nyumba muja munali zii, ana inu. Akanatiitana kuti tidzacheze, tikanati tatanganidwa."

Namwino anali atagwira mpando womanga ndi mphira uja. Ankakumbukira mbale zobwerera ndi chakudya, ndi mmene anachokera tsiku lija osayang'ana m'mbuyo. Iye ankaona ngati akuwachotsera manyazi bambo ake, osadziwa kuti akuwalanda anthu. Anawerama, analowetsa dzanja kunsi kwa thanki, n'kutseka kaswitchi kaja, kanaliranso kuti tha! Kenako anakwera, anakonza chitenje, n'kuponda. Adona anatsokomola, n'kukhala chete.

Anatiyang'ana, misozi ili chuchuchu.

"Akana," anatero. "Kankhani, abale anga."

Tinakankha. Atelala anagwira kaliyala, amayi a pagolosale pambali akutsimphina, aphunzitsi, makanika yemwe, msewu wonse. Aliyense ankasimba zake za mdala, wina asanamalize wina wayamba. Tinadutsa mpanda wa aphunzitsi, tinafika pa mlatho, tinawoloka. Namwino anali atatsinzina. Dzanja lake silinapite kunsi kwa thanki, ndipo panalibe amene anamuuza kuti watopa.

Adona sanagulitsidwe. Ali m'kachipinda muja, atafunditsidwa bulangete, nyali ikuyang'anabe m'mwamba. Masiku ano mumsewu mwathu mumadutsa njinga zambiri zofiira, zodina, zimangoti fyuu, wokwerayo osamudziwa n'komwe. Misana yathu inachira. Nkhani timazimva mochedwa, zitazizira kale. Koma m'mawa, nthawi ijayi ikakwana, mudzaone: zitseko zimatsegukabe chimodzichimodzi, ndipo atelala amatuluka atavala nsapato zija, n'kuima pakhomo akuyang'ana kumtunda kwa msewu, manja ali lende, akusowa chogwira.