Aneba a m'Chipinda cha Kutsogolo

Ku Katondo konse, munthu wogogoda pa chitseko cha nyumba yake yomwe anali mmodzi yekha, a Nevers Sakala. Ankafika pakhomo, kuvula chipewa, n'kuodira ngati mlendo wochokera ku Katete.

"Odi kuno, aneba."

Anebawo anali a Clementina, amene anakhala nawo pabanja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ukwati unatha a Clementina atamva kuti ku Mukobeko kuli mwana wa zaka zinayi, makutu ake a Nevers enieni. Khoti linati nyumba igulitsidwe, agawane. A Nevers anati sangasiyire munthu wina mtengo wa kotapela womwe anabzala okha. A Clementina anati wolakwa ndiye achoke. Palibe anachoka. Bambo anatenga chipinda cha kutsogolo, mayi cha kumbuyo, ndipo zaka khumi ndi chimodzi zinatha choncho.

Abusa atsopano atabwera kumpingo, anafunsa a Nevers kuti amakhala ndi ndani.

"Ndine nkhungulume, abusa, nilibe mkazi. Nikhala chabe pafupi na mzimayi wina wabwino maningi. Koma mwamuna wake anali chitsiru."

A Clementina anamva zimenezi ali pa benchi ya amayi, nkhope ili gwa. Anakasekera kuseri kwa tchalitchi, kuti mwini wake asaone.

Kuphika ndiye kunali tsoka. A Nevers akaika nyemba pa mbaula, fungo la kupserera linkafika mpaka kumsika, amayi ogulitsa tomato n'kumauzana kuti nkhungulume yayamba. A Clementina analumbira kuti sadzaphikiranso munthu amene si wawo. Komabe masana ankaika mbale yovundikira pawindo, n'kunena mokweza kuti ndi za galu. Galu pakhomopo panalibe. A Nevers ankadya, kutsuka mbale bwinobwino, n'kuibweza.

"Galu ati mchere unachepa pang'ono."

Chaka china kunabwera a Oswald, amene anapuma ntchito ya kundende, munthu wofatsa, wamasiye. Ankafuna a Clementina, ndipo a Clementina sanakane. Tsiku lomwe anabwera kunyumba, wowalandira anali a Nevers, n'kuwapatsa mpando wabwino.

"Mwachita bwino kubwera. Manje mverani. Akakwiya amayamba nyimbo ya m'buku. Ikafika vesi yachitatu, tulukani panja. Bondo la kumanzere limawawa mu Juni, muziwotcha madzi. Kapenta muzisankha miyala, dzino lam'mwamba ni losweka."

Analongosola ola lathunthu. A Oswald anamwa tiyi wawo, anatsazika mwaulemu, osabweranso.

"Munaononga ukwati wanga woyamba," anatero a Clementina. "Manje mwaononga na wachiwiri."

"Ninali kuthandiza chabe."

"Simunathandizepo munthu, a Nevers. Mumangoseketsa."

Tsiku limenelo a Nevers anakakhala pansi pa kotapela mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka chilichonse mu Ogasiti, pa tsiku lomwe ukwati unathera, ankavala suti yawo ya bulauni n'kuima pakhomo la khitchini.

"Aneba, kodi ku khoti kulibe chofufutira?"

"Kulibe."

Sikunali kuuma mtima. Mwana wa ku Mukobeko uja a Clementina anamuzolowera, ankamusokera ngakhale yunifomu. Chimene chinkawakanika kumeza ndi zaka zinayi zija zomwe munthu ankadya nawo mbale imodzi, kuwaseketsa, bodza lili m'kamwa.

Chaka chatha a Nevers anagwa podikira minibasi, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Masiku asanu a m'chipatala, wowasambitsa ndi kuwamwetsa phala anali a Clementina. Lachinayi, lilime likulemera, a Nevers anayesa kufunsa funso lawo lija. Mawu sanatuluke onse, koma a Clementina anamva.

"Muchire poyamba. Tizakamba kunyumba."

Lachisanu m'mawa anapita.

Pa maliro, abale ochokera kumudzi anati mkazi wosudzulidwa sakhala kumutu kwa bokosi. Akulu a mpingo anangoyang'ana pansi, poti pepala la khoti aliyense ankalidziwa. A Clementina sanatsutse. Anatuluka m'nyumba yawoyawo n'kukakhala kuseri ndi amayi ophika, akusenda anyezi, ndipo aliyense wodutsa ankawapepesa mwachidule ngati munthu wongodziwana ndi malemu.

Masiku ano msewu wa kwawo uli zii. Amayi a kumsika akaona mdala wa chipewa akubwera patali amasiya nkhani, kenako amapitiriza. Ana omwe a Clementina anabereka ndi a Nevers auza mayi awo kuti asamukire m'chipinda cha kutsogolo, chomwe chili ndi windo lalikulu, koma iwo amati chimalowa fumbi.

Palibe amene anawapatsa zovala zakuda, chifukwa pa mwambo sanali namfedwa. Patatha sabata anatsikira okha kumsika n'kugula duku lakuda. Amalivala tsiku ndi tsiku, kutchalitchi ndi kuchigayo komwe. Munthu akawafunsa, amati linali lotchipa.