Kadontho ka a Medson

A Medson sankayankha funso asanafunse lula yawo. Ngakhale muwapatse moni, dzanja linkayamba lapita kuthumba la malaya.

Sinali lula wamba. Inali silaidi lula, ija ya mainjiniya: timatabwa titatu todzaza manambala, kapakati kotsetsereka, pamwamba kagalasi ka mzere wofiira. Zaka zimenezo Amalawi ku Mississauga, kuno kutsidya kwa nyanja, tinali owerengeka, ndipo tonse tinaloweza mbiri yake tisakufuna.

"Anaitulukira ndi m'busa wa ku Mangalande, zaka mazana atatu zapitazo. M'busa anganame, mlongo?"

Anzawo kuofesi atayamba kugula makalikuleta, iwo anangoti, "Chinthu chodya batire sindingachikhulupirire. Chikamva njala chinena zilizonse."

Vuto linali limodzi: lula imapereka manambala okha, kadontho umaika wekha. Ndipo pa kadontho a Medson analibe mwayi. Tsiku lina tili pa siteji ya basi, chisanu chikuluma makutu, anatsetsereza kathabwa n'kuti, "Wani ndi thuu. Mphindi khumi ndi ziwiri." Tinaima maola awiri, mphindi 120 ndendende. Pa ubatizo wa mwana wanga analosera alendo makumi anayi. Ndinaphika mpaka msana kuwawa, kunabwera anthu anayi.

"Lula sinaname, Hilda. Kandithawa ndi kadontho."

Tinkaseka, koma kuseka kwake kocheuka, chifukwa manambala enieniwo sankaphonya.

Akazi awo, mayi Anastazia, dziko lino linali litawakwana. Mayi awo ku Ntcheu anali atakalamba, ndipo ankafuna kukawapeza amoyo. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anafunsa pamaso pathu:

"Inu bambo, tafunsani kamtengo kanuko. Kumudzi tidzapita liti?"

A Medson anatsetsereza, n'kusuzumira pakagalasi nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Wani ndi faifi. Zaka khumi ndi zisanu, mayi. Mungopirira."

Mayi Anastazia analira pomwepo, jekete ili m'manja.

Patatha chaka ndi theka tinawaperekeza onse awiri ku bwalo la ndege, mayi wokakhala pampando, bambo m'bokosi. Mtima unangoima ali pa desiki kuntchito. Wani, kadontho, faifi.

Lula anandisiyira ine. "Imeneyi sindikwera nayo ndege," anatero mayiwo.

Masiku ano pa siteji timangodikira basi ngati anthu ena onse, popanda wotinamiza, ndipo ndikunena zoona, ndimawasowa. Masana ena ndinaitulutsa lula ija m'dirowa, n'kuifunsa mongocheza za ulendo wanga wa kumudzi. Sindinakhudze kagalasi. Kanayenda kokha, pang'onopang'ono, n'kuima pa thuu ndi seveni.

Mwana wanga wangoyamba kumene sukulu. Kadontho sindinaikebe. A Medson akanakhalapo akanandiikira, ine n'kudziwa kuti yankho ndi linalo.