Abale Ake a Chiswamtondo

Kuno ku Chulu kunali munthu amene sankafunsa mlendo kuti wayenda bwanji asanamufunse dzina la bambo ake. Munthuyo anali a Moffat Chiswamtondo, ndipo moyo wawo wonse unathera pofunafuna munthu wina, ngakhale mmodzi yekha, wodziwika ndi dzina lawolo.

Modester, make Feggie, anawaona nkhope koyamba tsiku loika mwamuna wake. Mawu awo anali atawamva kwa zaka zambiri, koma Modester ndi mkazi wamanyazi, woyenda maso ali pansi, moti anthu a m'mudzi ankawadziwira ku mapazi. Kwa iye a Chiswamtondo anali majombo akuda odulidwa mu akakolo. Tsiku limenelo, ali m'nyumba ya siwa atafunda chitenje kumutu, anaona majombowo pakhomo akutsata mzere wa azibambo ochokera kutali, akuima pa aliyense.

"Pepani ndi zovutazi. Mwachokera kuti?"

"Ku Dowa."

"Ku Dowa. Kumeneko kulibeko a Chiswamtondo?"

"Ayi, sitinawamvepo."

"Ngakhale kumanda?"

Modester anadzutsa maso. Anaona mdala wamtali ngati mzati wa chigafa, jekete lotupa matumba, atatchera khutu ngati akumvera mitengo ya fodya pa wailesi. Phwete linamugwira pakhosi. Anadzikwirira m'chitenje mapewa akugwedezeka, ndipo amayi a chigwirizano, poona ngati chisoni chamukulira, anamugwira msana n'kukweza nyimbo.

Mfunda wa a Chiswamtondo unali Phiri, koma ukafuna kuti tsiku likuipire unkangowaitana choncho.

"A Phiri ake ati? Mukaponya mwala pamsika wa pa boma ugwera Phiri, ukanjanja ugwera Banda. Koma Chiswamtondo mungaponye mpaka mkono kuguluka, simungamulase, pokhapokha mutandipeza ine ndikugula mchere."

Chiyambi cha dzinali chinkasintha malinga ndi amene akumvetsera. Azibambo a pa bawo ankauzidwa kuti kholo lawo, adani atazinga mudzi, linanyamula mtondo ndi dzanja limodzi n'kuuswera pamutu pa mtsogoleri wa nkhondo. Amayi a pa mjigo ankauzidwa kuti linali mwamuna wachikondi, amene mkazi wake atadwala anagwira musi yekha, ndipo atasinja kamodzi mtondo unang'ambika pakati. Abusa atabwera kudzacheza anauzidwa kuti mtondowo unali wosinjira chimera cha mowa, ndipo kholo linauswa tsiku limene linatembenuka mtima.

Msuweni wawo, a Samsoni Banda, anali ndi yawo, ndipo ankainena mokweza pamene pali anthu ambiri.

"Bodza lonselo. Agogo anakhalira mtondo ataledzera, chinthu choletsedwa. Mtondowo unali wofumbwa kale. Anagwa nawo chagada, miyendo m'mwamba, akazi onse akuona."

"Iwe Samsoni, dzina la munthu ungalidziwe bwanji? Inu a Banda mwangochuluka ngati nsabwe za m'fodya. Wina akafa simudziwa n'komwe kuti mwachepa."

Vuto linali lakuti Mulungu anawapatsa ana aakazi okhaokha. Onse anakwatiwa, ndipo adzukulu anatuluka a Banda, a Mwale ndi a Phiri. Akazi awo anali atamwalira kalekale. Achimwene analibe.

"Wolima ndine," ankatero, "koma pa belo la fodya palembedwa dzina la wina."

N'chifukwa chake nyengo yothirira nazale ikafika, malole akayamba kutsitsa matenanti a ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo m'maesiteti, a Chiswamtondo ankapalasa njinga kukawachingamira. Anthu asanatsitse n'komwe mapoto ndi mikeka, mdala ali kale pambali pa lole.

"Takulandirani. Bambo anu ndani? Nanga agogo anu? Akuchikazi? Ganizani bwino, musathamange."

Kapitawo ankakalipa kuti akuchedwetsa ntchito, iwo osamumva. Ndipo poti ankati munthu safunsidwa dzina chimanjamanja, aliyense woyankha ankamutapira nthanga za maungu kuchokera m'matumba a jekete aja. Anali maungu a kumunda kwa mayi awo, a chikopa cholimba chofuna chikwanje, m'kati mwake ouma ndi otsekemera ngati mbatata. Matenanti ankadabwa, kuthokoza, n'kukabzala kuseri kwa timisasa tawo kuti azipezako nkhwani. Chiswamtondo wina sanapezeke.

Chaka china mdala anaganiza zakuti dzina lizimveka m'misewu, ndipo analipatsa ng'ombe yawo yapangolo. A Samsoni anayamba kubwereka ngoloyo ngakhale alibe chonyamula. Ankadutsa nayo dala pafupi ndi tchalitchi anthu akutuluka, chikwapu chili m'manja.

"Yenda Chiswamtondo, waulesi iwe, kudya kokha. Taona chimimbacho."

Mwezi usanathe ng'ombe inagulitsidwa.

Patapita zaka, wogulitsa kaunjika wina anawauza pa tsiku la msika kuti ku Simlemba kuli Chiswamtondo, wonenepa, wofatsa, wodziwika mudzi wonse. A Samsoni anali ataima pambali akuyang'ana kumwamba ngati akuyembekeza mvula. Mdala anatsuka majombo, anamangirira nkhuku yathadzi pakaliyala, analawira tambala atangolira. Anabwerako mawa lake dzuwa likupendeka, akukankha njinga, kaliyala ali mbee.

"Mwamupeza mbale wanu?" anafunsa a Samsoni.

"Ndamupeza. Ana anandiperekeza mpaka kukhola."

"Anakuzindikirani?"

"Anandizindikira. Ali ndi ulemu kuposa iwe."

"Nanga nkhuku?"

"Ndaisiya. Munthu sapita kwa mbale n'kubwerako ndi mphatso."

Chulu yense anaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma Modester, popita kumjigo, anaona kuti majombo aja akhala pakhonde masiku ambiri osasuntha, ndipo kangaude anayamba kumangamo. Iye sanaseke nawo.

Atatulukanso, ulendo wawo woyamba unali wa kwa Modester. Anafika masana, iye akusoka fodya m'mthunzi wa chigafa, ndipo anakhala pa chitsa n'kuvula chipewa.

"Amake Feggie, ndabwera ndi nkhani. Dzina la malemu amuna anu, a Mwale, mwalisunga mokwanira. A Mwale ndi ambiri, mmodzi akachoka sangazindikire. Kuno kuli dzina labwinobwino, losagwiritsidwa ntchito kwenikweni."

Modester anayang'ana majombo. Singano inamubaya chala.

"Bambo, ine ndakula. Ndikalitenga lidzafika pati? Tidzangokhala awiri opita nalo kumanda."

Mdala anazunguza chipewa pabondo.

"Mwanena zoona. Kungakhale kulivutitsa dzina." Anaimirira, anapisa m'thumba, anamuikira nthanga pa nsalu. "Pepani, ndakufunsani funso. Landirani."

Chaka chatha, mvula itangosiya, a Chiswamtondo anayamba kudwala miyendo. Njinga inapachikidwa kudenga. Olive, mwana wawo wotsiriza, anabwera kudzawasamala, ndipo anauza amayi pa mjigo kuti bambo ake sakudandaula za ululu ayi, akungonena chinthu chimodzi: akadzatsikira m'manda, dzina lidzatsikira nawo limodzi, ngati silinakhalepo.

Masiku omwewo Modester anapita pa boma kukaona Feggie amene anali atangobereka mwana. Pobwerera anadutsa pamsika, maso pansi monga mwa masiku onse, akuzemba matope ndi mawilo a makabaza. Ndiye anamva mawu a mkazi, kalankhulidwe ka kummwera.

"Chiswamtondo uyu, mayi. Wouma, wotsekemera. Chiswamtondo weniweni."

Anaganiza kuti mbale uja wapezeka, ndipo anatsata mawuwo. Anapeza mayi atakhala pa thumba, kutsogolo kwake mulu wa maungu a chikopa cholimba, omwe aja anali atayanga kuseri kwa bafa lake. Modester sayamba kulankhula ndi munthu wosamudziwa, koma tsiku limenelo anakhosomola n'kufunsa.

"Pepani mayi, mwati dzina lake ndani?"

"Chiswamtondo. Simuwadziwa inu a konkuno? Kwathu ku Phalombe ngakhale mwana amawadziwa. Mayi anga ndiwo anapita nazo nthanga atamaliza utenanti kuno, ine ndili kamtsikana. Akuti anawapatsa mdala wina wozungulira mutu, wofunsa maina. Panopa mudzi wathu wonse ndi omwewa. Ena anawoloka nawo mpaka ku Mozambiki."

Modester anagula dzungu limodzi, lalikulu, n'kulikulunga m'chitenje ngati mwana. Mu minibasi kondakitala anafunsa ngati khandalo lili bwino, poti silikulira.

Atafika kunyumba analiika pansi pa bedi, ndipo linakhala pamenepo. Ankati akaganiza zopita nalo, ankakumbukira kangaude m'majombo. Ng'ombe inawagoneka m'nyumba ali ndi mphamvu zawo, nanga dzungu lidzawatani ali chigonere? Komanso pakhomopo sipankatha anthu, ndipo iye kulankhula pagulu ankakuopa kuposa njoka. M'mawa uliwonse posesa ankaligunda ndi tsache, n'kulikankhira m'kati.

Lachisanu lina Olive anadutsa akuthamangira kukaitana mkulu wa mpingo. Anati bambo asiya kudya phala. Modester anatsamira chitseko kwa kanthawi. Kenako anagwada, anakoka dzungu lija, analisenza.

Anawapeza atawagoneka pamphasa pakhonde kuti aothere dzuwa, ataonda ngati ndodo yoyanikira fodya. A Samsoni anali pambali pawo akuwaingitsira ntchentche ndi chipewa. Panalinso amayi angapo. Modester anagwada n'kutula dzungu pafupi ndi mphasa.

"Amake Feggie," anatero mdala ndi mawu otsika, "mwasintha maganizo? Mwachedwa."

Amayi aja anaseka. Modester anayang'ana majombo amene anali pakhomo, ndipo anawafotokozera majombowo nkhani yonse: msika, mayi wa ku Phalombe, mudzi wonse, mpaka ku Mozambiki. Za kuzungulira mutu anazisiya.

A Samsoni anatsegula pakamwa, anayang'ana msuweni wawo, anatsekanso.

"Ine ndafunafuna munthu moyo wanga wonse," anatero a Chiswamtondo, "inu mukundibweretsera dzungu."

"Pepani bambo."

"Poyamba ng'ombe. Lero maungu."

Modester anayamba kukokera dzungu lija kwa iye kuti alichotse. Dzanja loonda linatuluka m'bulangete n'kuligwira.

"Lisiyeni. Mwati amachita kufuula pamsika?"

"Amafuula."

"Dzina lonse? Osadula?"

"Lonse. Amawonjezera kuti weniweni."

"Ndiye kuti alipo abodza?"

"Kaya, mwina ena amanamizira kuti agulitse msanga."

Mdala anatembenuzira mutu kwa msuweni wawo pang'onopang'ono.

"Wamva, Samsoni? Anthu akunamizira kukhala a Chiswamtondo. Unamvapo munthu akunamizira kukhala Banda?"

"Ndimadziwa ine kuti mutu wanuwu uli ndi abale kumunda," anatero a Samsoni, kenako anayamba kufunafuna ntchentche kumene kunalibe.

A Chiswamtondo analamula kuti dzungu liphikidwe. Olive analimbana nalo ndi chikwanje, ndipo litapsa bambo ake anadya kachidutswa, chakudya choyamba kuchokera dzana. Ankatafuna akufunsa Modester kuti ku Phalombe ndi kutali bwanji, nthaka yake ndi yotani, ndipo abale awowo akubereka bwino kapena ayi. Anamwalira Lachiwiri lotsatira. Pamaliro a Samsoni anapempha kuti alankhule, ndipo anauza khamu lonse, nkhope ili gwa, kuti kholo la malemuwa linaswera mtondo pamutu pa mtsogoleri wa nkhondo, ndi dzanja limodzi, lamanzere.

Chaka chino malole abweranso. Anthu atsika ndi mapoto ndi mikeka yawo, kapitawo wawaloza timisasa, ndipo palibe wawafunsa kuti bambo awo ndani. M'mudzi tikungowatchula kuti matenanti, monga achitira kwina kulikonse. Pa bawo akusewera mwakachetechete, poti a Samsoni alibe womuputa. Maliro akachitika, alendo amakhala pamzere wawo mpaka kunyamuka popanda wowasokoneza, ndipo mwambo umaoneka wautali.

Modester akuyendabe maso ali pansi. Koma tsiku lina anaoneka m'mphepete mwa esiteti, ataima patali ndi lole, kansalu komanga mfundo kali m'manja. Anadikira mpaka mayi wina wobereka mwana atayandikira, anamupatsa moni wosamveka bwino, anamufunsa dzina, n'kumutapira nthanga. Anthu akamufunsa kuti wayamba liti zimenezi, amangomwetulira. Sanauzepo munthu zimene mdala ananena Lachisanu lija, iye akutsazika, Olive atanyamula mbale ya nthanga kuti akakazinge. Anamukodola kuti awerame, ndipo anamunong'oneza.

"Amake Feggie, mulandeni mwanayo mbaleyo. A Banda angakazingidwe, ndi ambiri. Awo ndi abale anga, kawapezereni malo."