Jasimini wanga wa mumtsuko

Anzanga, musamaone munthu wavala tayi n'kumati ndiye kuti nzeru zilimo. Ine ndine kalaliki kumunda wa nzimbe kuno ku Chikwawa, bambo wa ana atatu, koma zimene ndinachita chaka chathachi ngakhale nkhuku zinandiseka.

Zinayamba nditapita ku Kapichira kukaona mnzanga Alufandika, yemwe amagwira ntchito kumagetsi kuja. Ndikungofika pakhonde pake, fungo lokoma linandiwomba m'mphuno, ndinachita kutembenuka kufuna kuona mayi wodzola perefyumu amene wandidutsa. Kunalibe munthu! Linali duwa loyera, lili mumphika pakona.

"Ameneyu ndi jasimini," anatero Alufandika. "Tenga kanthambi ukabzale. Sikavuta, bola madzi ndi manyowa pang'ono."

Ndinakakulunga m'nyuzipepala, n'kukayika m'thumba lamalaya ngati kalata ya ntchito. Pofika kunyumba masamba onse anali atathothoka ndi kutentha, katangotsala kamtengo. Kumutu ndi kuti, kumiyendo ndi kuti? Ndinangoti Mulungu adziwa.

Tsono mphika ndiupeza kuti? Maso anga anagwera pa mtsuko wa mayi a Chifundo, akazi anga, uja ankaziziritsiramo madzi akumwa. Ndinauboola kunsi ndi msomali. Inu, kuboola mtsuko wa madzi ozizira mwezi wa Okutobala ku Chikwawa, si mlandu wofunika ankhoswe umenewo? Mayi atabwera kumsika anayang'ana mtsuko, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Chabwino, bambo a Chifundo. Tizimwa fungo."

Mnzanga uja anati manyowa pang'ono, koma ine ndinati pang'ono n'za aulesi. Ndinakapempha manyowa a mbuzi kwa aneba athu a Zuze, n'kudzaza mtsuko mpaka m'khosi.

Patatha sabata ziwiri, taonani kamera kobiriwira pafupi ndi kamtengo kaja! Ndinavina ndekha pakhonde. N'zoona kuti masamba ake anali otambasuka ngati zala za dzanja, osafanana ndi a ku Kapichira, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti mwana sabadwa ndi ndevu. Kuyambira tsikulo ndinasanduka mlezi. Dzuwa likakula ndinkanyamula mtsuko kuulowetsa pabalaza, likapepa kuutulutsa, msana uli phwee. Kuntchito ndinalengeza kwa aliyense, mpaka alonda a pageti, kuti posachedwa amene akufuna kudziwa kwathu azingotsatira mphuno.

Kenaka masamba anayamba kusowa. Lero nsonga palibe, mkuja nsonga zina palibe. Ndani angachite zimenezi kupatula mbuzi za a Zuze? Ndinapita komweko nditakwiya, malaya osamanga mabatani.

"A Zuze, mbuzi zanu zikundidyera duwa lochokera kunja!"

Mkulu uja, munthu wofatsa amene anandipatsa manyowa ndi manja awiri, anandiyankha mwaulemu. "Achimwene, mbuzi zanga zimadya kudambo, zikabwera ndi m'khola. Mwaziona ndi maso?"

"Sindifunika kuziona. Ndikuidziwa ntchito ya mbuzi ine!"

Tinasiya kupatsana moni. Ndinatchinga mtsuko ndi minga, n'kudzibaya nayo ndekha kawiri. Mayi a Chifundo ankangoyang'ana, n'kulowa m'khitchini mapewa akugwedezeka. Ine ndinkati akutsokomola ndi utsi.

Mingayo inathandiza, moti mbewu ija inakula n'kuchita maluwa, oyera ndithu, okhala ndi timandevu titalitali. Ndinagwada kuti ndinunkhize. Abale, fungo lake! Ngati m'khwapa mwa munthu wopalasa kabaza masana. Koma ndinati ayi, mwina fungo lenileni limabwera likakhwima.

Loweruka la sabata yomweyo kunabwera apongozi anga, amayi a akazi anga, kuchokera kwa Tengani. Ndinati mwayi ndi umenewu, adziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wotsogola. Atapuma pamkeka, ndinachotsa minga, ndinanyamula mtsuko n'kukauika patsogolo pawo, ine n'kunjuta chapatali monga mkamwini waulemu.

"Amayi, ili ndi duwa lakunja. Dzina lake jasimini. Ndalilera ndekha miyezi iwiri."

Apongozi anasendera pafupi. Anathyola tsamba, analifikisa m'zala, analinunkhiza. Kenaka nkhope yawo inawala.

"Pyadidi, pyadidi! Takhuta, bambo," anayamikira ndi kuthokoza m'Chisena chawo. "Koma luni wonenepa chonchi mwamusiyiranji mpaka kuchita maluwa? Akakalamba amawawa ameneyu."

Luni?

"Ayi, amayi, ndi jasi..."

"Bambo, ine luni ndayamba kuthyola musanabadwe. Amamera yekha pamene pali manyowa a mbuzi. Nanga kamtengo kouma aka n'kachiyani?" Anakazula mopanda kuvutika, kalibe ndi muzu umodzi womwe, anakatembenuza uku ndi uku. "Komanso munakabzala chadodolido."

Ndinamva thukuta likutsika mumsana mpaka m'nsapato. Inu musandiweruze, ine luni ndimamudziwa ali m'mbale, atatenderedwa kale. Ndinatembenukira kwa mayi a Chifundo, omwe apa anali atakhala pansi, chitenje chili kukamwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Mayi, inu mumadziwa?"

"Kuyambira tsiku lomwe anamera."

"Osandiuza bwanji?"

"Munandifunsa poboola mtsuko wanga?"

"Nanga masamba aja, mbuzi za a Zuze..."

"Mbuzi zake ziti? Ndinkathyola ndine, n'kusakaniza ndi bonongwe. Munkadya inu nomwe, mpaka kupempha kuti ndikuonjezereni."

Apongozi anaseka mpaka kutsamira khoma. Ndiye kuti mbuzi imene ndinakhala ndikuisaka mwezi wathunthu, imene inandidanitsa ndi mneba wanga, inali kudya patebulo panga, itasamba m'manja.

Madzulo ake ndinapita kwa a Zuze chipewa chili m'manja, n'kufotokoza zonse osabisa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili duu, kenaka anati, "Palibe mlandu, achimwene. Koma ngati mbuziyo ikuvutabe, m'khola mwanga malo alipo."

Ine ndi maluwa tinasiyana pomwepo. Masiku ano wina akandipatsa kanthambi kuti ndikabzale, ndimapisa manja m'thumba n'kumuuza kuti adokotala anandiletsa.