Ndinanyoza vani yanga ndekha

Mukadzandipeza pa siteji ya Boma ndikukwezetsa belo m'minibasi, musadzandifunse kuti vani ija ili kuti. Ndikuuzani pano kamodzi, chifukwa kuibwereza nkhaniyi kumandiwawa.

Ine ndimagulitsa kaunjika. Ndimaoda mabelo ku Lilongwe n'kumazungulira nawo m'misika, kuyambira pa Boma mpaka ku Dwangwa, kumene malonda amayenda anthu a kunzimbe akalandira. Ntchitoyi inandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene chinandilowa m'magazi: pogula, katundu sayamikiridwa. Belo likhale labwino chotani, umaligunda ndi phazi n'kunena kuti likununkha chinyontho. Kooda supita utatchena, umavala patapata wakutha kuti wogulitsa asaone kuti m'thumba muli kanthu. (Ngakhale matimati ndimawanyoza. Pali amayi ena pamsika amene amati akandiona amavundikira dengu.)

Vaniyo sinali yanga ndekha. Akazi anga, amayi a Zainabu, anagulitsa munda wa mpunga wa ku Bua umene anawasiyira malemu amayi awo, kuti ndalama zikwane. Sanapemphe zambiri. Anangoti galimotoyo ikhale ndi inshulansi yaikulu, ija yoti ikawonongeka amakulipira, osati ija yongoonetsa apolisi pamsewu.

"Munda sunkayenda, bambo a Zainabu," anatero. "Koma ichi mwagulachi chili ndi mateyala."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Kungoti kwa ine kudula inshulansi kunali kugula, ndipo ndinakonzekera monga ndimakonzekerera pogula. Vani sindinaitsuke sabata yonse. Ndinachotsa wailesi, ndinatsitsa teyala latsopano lapadera n'kuikamo lakutha lobwereka. Pampando ndinayalapo chiguduli. Bampala yakumbuyo, imene inalibe vuto lililonse, ndinaimanga ndi chingwe cha belo kuti izioneka ngati ikufuna kugwa. Ineyo ndinavala patapata wanga wa kooda uja.

Ku ofesi ya inshulansi ndinapeza bambo wina wodekha, wolankhula Chichewa cha kumpoto. Anatuluka, nazungulira vani, nayang'ana chingwe chija nthawi yaitali. Kenako anandifunsa kuti galimotoyo ndikuiika pa mtengo wanji, n'kutchula yekha mtengo umene unali pafupi kwambiri ndi umene tinagulira. Ndinaseka mokweza. Ndinamuuza kuti injini imatsokomola m'mawa uliwonse, kuti pansi pake panadyeka ndi dzimbiri, kuti mwini wake wakale ankanyamulira nsomba moti fungo silidzatha. Zonsezo zinali zopeka. Vaniyo inkalira bwino ngati makina osokera.

"Bambo," anatero munthu uja, "mtengo umene munene lero ndi umene tidzayendere likadzafika tsiku loipa. Mukautsitsa, mulipira zochepa, inde, koma nafenso tidzakupatsani zochepa."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino, sindinganame. Koma makutu anga anawaika m'gulu la mawu a ogulitsa, aja amati belo ili ndi lomaliza, mukalisiya mudzalira. Ndiye ndinachita zimene timachita tonse: ndinanyamuka ngati ndikupita, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti andiitane. Sanandiitane. Ndinafika mpaka pa mtengo wa mango kunja, ndinaima, ndinasuzumira. Munthuyo anali akumwa tiyi. (Ndinabwerera ndekha, ndikunamizira kuti ndaiwala chipewa. Chipewacho chinali kumutu.)

Tinamaliza pa mtengo wosafika ndi theka lomwe la umene tinagulira. Anandifunsanso ngati ndatsimikiza, ine n'kusaina ndikumwetulira. Ndinatuluka ndikudziona ngati katswiri, ndipo ndalama imene ndinapulumutsa ndinaonjezera pa belo la masiketi. Kunyumba amayi a Zainabu anaona kapepala komata pagalasi, nafunsa ngati inali yaikulu ija. Ndinati ndi yomweyo. Sindinaname, komanso sindinanene zonse.

Tsiku loipalo linabwera m'nyengo ya mvula, masana dzuwa likuswa mtengo, ndikupita ku Dwangwa. Chakufupi ndi Nkhunga msewu unali utadyeka m'mbali. Kutsogolo kunabwera lole imene inadzaza msewu wonse, ine n'kukhotera kumanzere. Dothi linagumuka, vani n'kugubudukira m'dambo. Ndimakumbuka kumwamba kukusinthana ndi pansi, kenako bata, ndi madzi akulowa pa zenera.

Anthu a m'mudzimo anandisolola ndi phewa lothyoka. Belo limodzi linali litaphulika, moti m'bango monse munali mutakolekeka masiketi ndi mabulauzi ngati wina wachapa. Anthuwo anatola zonse n'kuziunjika pambali pa msewu, osasowa ndi chimodzi chomwe. Mayi wina anandifunditsa jekete la m'katundu wanga yemwe, akuti ndisazizidwe. Vani yokha ndiyo sinadzukenso. Amakanika anati yapindika msana, yangotsala kugulitsa zitsulo.

Ku chipatala amayi a Zainabu sanalire. Ankangoti Alhamdulillah, moyo ulipo, ndipo galimoto ina ibwera poti tinadula yaikulu. Ndinatseka maso ngati mankhwala andigoneka. Mantha amene ndinali nawo pabedi paja anaposa a m'dambo muja.

Ku ofesi tinapita limodzi, poti dzanja langa linali m'nsalu ndipo sindikanatha kusaina bwino. Bambo uja anatipepesa mwaulemu, natiuza kuti kampani yavomera kulipira. Atatchula ndalamayo, amayi a Zainabu anaganiza kuti ndi gawo loyamba chabe. Anafunsa kuti zotsalazo zibwera liti. Munthuyo anandiyang'ana, kudikira kuti ndilankhule ndekha. Ine ndinayang'ana patapata wanga. Ndiye anafotokoza, mosaonjezera kanthu, zimene ndinamuuza tsiku lija: kutsokomola kwa injini, dzimbiri, fungo la nsomba, chingwe cha kubampala.

"Galimoto imene akunenayi ndi yathu ija?" anandifunsa akazi anga.

"Ndi yomweyo."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Tinayenda wapansi kubwerera kunyumba, iwo patsogolo ine pambuyo, akabaza akutiimbira belu ife osawamva. Titafika pakhomo anavula nsapato, nakhala pakhonde, n'kunena motsitsa mawu kuti iwo ankayesa kuti ndimanyoza katundu wa eni yekha.

Ndalama imene tinalandira sinakwane galimoto, sinakwanenso munda. Tinaodera mabelo, ina n'kulipirira Zainabu sukulu. Tsopano timayenda pa minibasi, ndipo amayi a Zainabu amandiperekeza chifukwa phewa silinyamulanso zolemera. Pamsika amagulitsa bwino kuposa ine. Kooda amapita atavala nsalu yawo yabwino, amati belo likakhala labwino amanena kuti ndi labwino, ndipo chodabwitsa n'chakuti amawatsitsirabe.

Mwezi wathawu tikuwoloka Bua, minibasi inachepetsa liwiro pamlatho. Munda uja umaonekera pamsewu. Mwini wake watsopano anali m'kati, matope m'miyendo, mpunga uli biriwiri mpaka kumalire. Ndinaona akazi anga akuuyang'ana. Ndinafuna kuwatonthoza, koma pakamwa panga pamadziwa njira imodzi yokha. Ndinayamba kunena kuti chaka chino ukuoneka wofooka, ndipo kunena zoona dothi lake lija linali litayamba kale kutopa.

"Umenewo ulekeni, bambo a Zainabu," anatero osandiyang'ana. "Munautsitsa kale mtengo."